Tsitsi Lomwe Linapulumuka Lumo

Chaka chimene ndinatomeredwa ndinalibe chuma china kupatula tsitsi. Tinkakhala ku Kabwata, m'tinyumba tozungulira taudzu tomwe boma linamangira anthu akuda, ndipo masana ndinkalera ana a mzungu ku Kabulonga. Inali nthawi ya Chitaganya, munthu wakuda akugulira nyama pa kawindo ka kumbali, ndiye atsikanafe ulemu tinkaufunafuna pamutu. Ndinalumbira kuti pa tsiku la ukwati wanga tsitsi lidzagunda mapewa, Mmwenye wojambula zithunzi m'tauni adzalijambule, adzukulu anga adzaone.

Anzanga ambiri ankawongola lawo ndi chipeso chotenthetsa pamakala, makutu ali zipsera zokhazokha. Ine ndinasankha ulusi. Ondiluka anali mayi ena achisilamu ochokera ku Nyasalande, oyandikana nafe nyumba, akazi a telala. Ulusi wakuda ankatapa pa makina a amuna awo eni ake akapita kumzikiti. Ankandikhazika pamphasa, mutu pakati pa mawondo awo, n'kugawa tsitsi timinda timinda, kenako n'kukulunga kamunda kalikonse kuchokera patsinde mpaka kunsonga. Akamaliza nsidze zinkakwera zokha, moti sabata yonse ndinkayenda ngati munthu wodabwa.

"Zikuwawa?" ankafunsa.

"Pang'ono chabe, ba mai."

"Ndiye kuti zagwira. Pamphumi pokha ndakusiyira, ndingakuzule. Pakayabwa usakande, uzingomenya ndi chikhatho."

Malamulo awo ankaposa a boma. Pogona, duku. Posamba, thovu la sopo lizingodutsa m'mizere, osafikisa. Mwezi usanathe timasule, tichape, tilukenso, chifukwa tsitsi likakhalitsa mu ulusi limathothoka. Dona wanga atandiona tsiku loyamba anafunsa ngati ndamanga mawaya kumutu, kenako anandipatsa kachipewa koyera kuti ana asaope. Ndinathokoza mwaulemu, poti kachipewako kankatchinga fumbi la m'njira.

Ntchito yodzoza inali ya mayi anga. Tikadya madzulo ankakhala pakhomo, ine pansi, n'kumaviika chala m'botolo la mafuta a nsatsi ndi kutsatira mzere uliwonse pang'onopang'ono. Mayi sanali munthu wa mawu okoma. Chikondi chawo chonse chinali m'chala chimenecho, ndipo ndinkachikonda kuposa chakudya. Tsitsi linamvera. Pomasula paliponse linkakhala litatalika, lofewa, lakuda bii, ndipo ine ndinayamba kuyenda khosi lili njo.

Ukwati utayandikira, malume anamwalira ku Matero. Anali mlongo wawo wa mayi, ndipo ndiwo anawalera makolo atatha kumudzi ku Fort Jameson, n'kuwabweretsa m'tauni. Ndinalira, ndisaname. Koma tili kumanda, nyimbo ili pakati, ndinakumbukira kuti maliro akatha abale amameta. Kuyambira pamenepo misozi yanga inali ya maliro awiri.

M'mawa wa tsiku lometa, azakhali ena okalamba ochokera kumudzi anakhala kuseli kwa nyumba ndi lumo ndi beseni la madzi. Mayi ndiwo anayamba. Anagwada, anavula duku, tsitsi lawo la imvi n'kumagwera pansi. Abale ena anatsatira, aliyense akudzuka mutu uli mbee. Ine ndinazemba n'kukafuna akazi a mkulu wa mpingo wathu wa Dachi, omwe anali m'nyumba kutsogolera nyimbo.

Tsono ine kutchalitchi ndinkadziwika ndi kuwodzera. Koma m'mawa umenewo Mzimu unanditsikira mwamphamvu. Ndinawauza kuti mtima wanga ukuvutika, kuti Mkhristu sangachite nawo miyambo yachikunja, kuti wakufa ali m'manja mwa Mulungu ndipo lumo silingamuthandize. Mavesi omwe sindinkadziwa kuti ndimawadziwa ankangotuluka okha. Mayiwo anasangalala ngati atola nkhwangwa ndi mpini womwe. Anandigwira dzanja mpaka kuseli kuja.

"Uyu mwana ni Mkristu," anatero. "Zometa-meta ni za kumudzi. Kuno ni ku tauni, manje anthu anasintha."

"Malume wake anafa Mkristu nayenso," azakhali aja anayankha, lumo lili m'manja. "Nanga mutu wa uyu uli na ciani?"

Anakangana mpaka anthu anasonkhana. Ine ndinangozyolika, nkhope ya woyera mtima. Mayi anga anali atakhala pamphasa, madzi akuyenderera m'khosi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati kumaso koma kumutu.

"Mulekeni," anatero. "Mutu ni wake."

Azakhali aja anangodula kansonga kamodzi kumbuyo kwa khutu kuti mwambo usachite manyazi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinabwerera ku Kabwata ndi tsitsi langa lonse, ndekha pakati pa abale ampala. Madzulo ake ndinakakhala pansi pakhomo monga mwa masiku onse. Mayi anatuluka, anaika botolo la nsatsi pambali panga, n'kulowanso. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Masiku otsalawo ndinkadzoza ndekha, mizere ya kunkhongo osaifikira bwino.

M'mawa wa ukwati akazi a telala anabwera kudzamasula. Ulusi unaunjikana pamphasa, iwo n'kupesa ndi chipeso chamtengo kuyambira kunsonga. Tsitsi linagwa mpaka m'mapewa, monga ndinalumbirira. Anandipatsa kagalasi, ndipo ndinadziona ndikukongola mochititsa mantha. Ndikanakhala mwamuna ndikanadzikwatira.

Ndili chigwirire galasi, analowa akazi a mkulu wa mpingo aja ndi amayi anzawo a chigwirizano, atanyamula duku loyera ndi nsalu yophimba kumaso.

"Mkwati wa Cikristu sangena mu chalichi na mutu pa mtunda," anatero.

"Koma ba mai, tsitsi cabe lioneke pang'ono."

"Si ndiwe unatiuza mavesi ku Matero? Ise tinakondwela maningi. Nkala bwino tikumange."

 Tsitsi lija analipinda, analikanikiza, anamanga duku mpaka m'nsidze, pamwamba n'kuika nsalu ija. Sipanatsale ngakhale kamodzi kosuzumira. Ndinadzitonthoza kuti kwa Mmwenye ndikavula. Koma amayi a chigwirizano anandikonda kwambiri tsopano, moti anaperekeza mwana wawo wachitsanzo mpaka m'tauni, n'kuima kumbuyo kwa wojambula manja ali pachifuwa. Ndinakwiya mpaka misozi, iwo n'kumauzana kuti mkwati wolira ndiye woleredwa bwino.

Chithunzicho chilipo, chili pakhoma. Amuna anga aima uku ndi jekete yobwereka. Pakati ndine, ndipo mbali inayo ndi mayi, nawonso duku lafika m'nsidze. Adzukulu akachiona amati ine ndi mayi tinkafanana kwambiri, ndipo nzoona: mitu iwiri yokulungidwa bwino, palibe angadziwe wometa ndi wosameta. Wojambula anawapempha mayi kawiri konse kuti asendere pafupi, aike dzanja paphewa la mwana wawo. Anasendera pang'ono, koma manja anawasunga pamimba.