Chizungulire cha Amayi

Ine pakamwa ndine wofulumira, sindikana. Ndaphunzitsa ana a Sitandade 7 zaka zambiri, mwakuti ndinazolowera kuyankha munthu asanatsirize funso. Khalidwe limeneli ndi limene linandilakwitsa kwa amayi anga.

Unali mwezi wa Okutobala, zaka zija feteleza tinkagulira makuponi. Ndinkaphunzitsa pasukulu ina kwathu konkuno ku Chulu, ndipo Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga kukaona amayi. Bambo anali atamwalira kale, ndiye amayi ankakhala ndi mlamu wanga, mkazi wa mchimwene wanga. Loweruka lina ndinanyamula mpira uja wojambulidwa mapu a dziko lonse, umene timaphunzitsira. Unali utaguluka pachitsulo chake, ndipo ndinkafuna wokonza njinga wa pamsika aubwezeretsepo.

Amayi ndinawapeza atangobwera kuchokera kudambo kothirira nazale ya fodya, makheni awiri othirira ali pakhonde. Anautenga mpirawo, kuupukuta ndi chitenje, n'kufunsa pamene pali kwathu. Nditaloza, anapendeketsa mutu. Akuti ndiye kuti tikukhala cham'mbali ngati buluzi pakhoma? Nanga zabuluuzi n'chiyani? Ndinawauza kuti ndi nyanja zamchere, zazikulu kuposa mtunda wonse. Kenaka ndinauzunguliza ndi chala, n'kunena kuti dziko limatero nthawi zonse, osapuma.

Amayi kusukulu sanapondeko, koma madzi ankawadziwa, poti anawasenza pamutu chiyambire utsikana. Anati munthu ukapotoloka msanga ndi ndowa yodzaza, madzi amakhuthukira kumsana. Nanga a kunsi kwa mpirawu, ozondoka chonchi, akuwagwira ndani?

Apo ndiye anandiputa dala. Ndinafotokoza kuti dziko limakokera chilichonse pakati pake, kaya mwala, kaya ng'ombe, madzi, ngakhale mpweya umene tikupumawu. Kumene timati pansi si kunsi kwa mpira ayi, ndi kumene kuli pakati pa dziko, choncho munthu wa mbali inayo nayenso waponda pansi ngati ife tomwe. Kuzungulira kulipo, koma dziko limatenga tsiku lathunthu kuti litembenuke kamodzi, ndipo kukoka kwake n'kwamphamvu kutalitali kuposa kukankha kwa kuzungulirako. N'chifukwa chake nyanja sizitayika. Ndinatola chitsononkho n'kuchiponya m'mwamba, chinagwera pamapazi pathu pomwepo.

Zokokazo amayi sanazisamale. Chimene anagwira n'chakuti dziko limazungulira. Anauzunguliza mpirawo pang'onopang'ono pamiyendo.

"Ndiye chifukwa chake," anatero. "Ine ndakhala ndikulimva, makamaka ndikawerama pachitsime. Ndimayesa ndikudwala."

"Likuzunguliradi, amayi," ndinayankha.

Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Ndinkadziwa bwinobwino kuti palibe munthu amene amamva dziko likuzungulira. Koma ndinali nditakondwa. Moyo wanga wonse amayi ankanditsutsa chilichonse cha m'buku, akandiona ndi choko m'manja amvekere abwera aphunzitsi odziwa zonse. Tsiku limenelo anavomera, ndipo ine kukoma kwa kuvomerezedwako kunanditseka makutu. Munthu anali atandiuza kuti akudwala, ine n'kumva kuti wakhoza phunziro.

Patapita milungu iwiri mlamu anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Anandiuza kuti amayi akumaima panjira yochokera kudambo, kutula makheni, kugwira mtengo, n'kumati lero ndiye lathamanga. Tsiku lina anasanza. Iye atatchula za chipatala, anamuyankha kuti aphunzitsi anena kale kuti ndi dziko.

Mtima unandilasa, koma chimene chinatuluka pakamwa panga ndi ukali. Ndinawapeza pamphasa n'kuyamba kulalata ngati ndili m'kalasi. Ndinati kuzungulira kwa dziko sikumveka, chifukwa tonse timayendera limodzi, ife, mitengo ndi chitsime chomwe, popanda kugwedezeka. Ndinawafunsa kuti ngati ndi dziko, bwanji mlamu salimva? Anati ana inu m'mitu mwanu muli phokoso, mungamve chiyani. Ndinati chimenecho ndi chizungulire, ndi matenda, tiyeni Lolemba kuchipatala.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Akuti Loweruka lija ndinanena zina, lero ndikunena zina, ndiye amvere mphunzitsi uti? Kenaka anatulutsa zenizeni. Mlungu umenewo kunali kugawa makuponi, ndipo dzina likaitanidwa mwini wake ankayenera kuonekera yekha. Akagonekedwa kuchipatala, chimanga cha chaka chimenecho adzathira chiyani? Nanga nazale aisiye ipse ndi dzuwa la Okutobala? Anati akangolandira kuponi apita, ndisawavute. Ndinagonja, ndipo ndisaname, nane kusukulu kunali mayeso. Paja amati madzi akatayika saoleka, mawu anga oyamba aja anali atalowa kale pansi.

Lachitatu amayi anakhala padzuwa pabwalo logawira makuponi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Dzina linaitanidwa, analandira, anamanga kapepalako pansonga ya chitenje. Lachinayi m'mawa anagwa kudambo, kheni ili m'manja. Anthu anawanyamula pangolo mpaka kumsewu, ndipo ine uthenga unandipeza ndikulemba pabolodi.

Kuchipatala kuboma adokotala anati magazi akhala akuthamanga nthawi yaitali, ndipo mtsempha waphulika m'mutu. Anafunsa ngati anadandaulapo za chizungulire. Mlamu anayang'ana ine. Ndinati eya, maso ali pansi.

Mawa lake masana ndinali nawo ndekha, mlamu atapita kukaphika phala. Mbali ya kumanja inali itafa yonse. Dzanja lamanzere linali litakakamira chitsulo cha bedi, mitsempha ili njo. Pakamwa panali patapotoka, mwakuti ndinachita kuwerama kuti ndimve. Anati bedi lapendekeka, akutsetserekera kumphepete, ndipo akagwa sakudziwa kumene akathere.

Mukhulupirire kapena ayi, ine ndinayambanso kuphunzitsa. Ndinati musaope amayi, dziko likukukokani, lakugwirani ngati momwe lagwirira nyanja zija, simungapite kulikonse. Anatseka maso ngati munthu amene watopa nane.

"Za dziko zisiye," anatero. "Tandigwira iweyo."

Ndinavula nsapato n'kukwera pabedipo. Ndinalowetsa mkono kunsi kwa khosi lawo, winawo n'kuwakulunga m'chiuno. Anali atapepuka, sindinadziwe kuti anaonda liti chonchi. Pang'onopang'ono zala zija zinamasuka pachitsulo, n'kugwira bulauzi yanga. Anamwino atabwera anafuna kunditsitsa, koma atationa anangodutsa. Amayi anakhala ndi moyo masiku atatu okha, ndipo masiku onsewo sindinawafotokozerenso kanthu.