Madzi Amene Ndinawayesa Mvula

Chizindikiro choyamba chinali kupotokola kwa m'mimba, Lachinayi m'mawa, mu Epulo wa 1955. Ndinali ndekha patsinde pa mtengo wa tsanya, m'nkhalango ya pakati pa Gatooma ndi Hartley, kumene lero mukuti Kadoma ndi Chegutu. Ndinapinda bulangete langa n'kudziuza kuti ndi nyemba zadzulo. Mantha ndinalibe. Masiku amenewo sindinkamva kalikonse.

Mkulu wanga Yohane anali atafera mumgodi waung'ono cha ku Gadzema, ndipo anamuika ine kulibe. Mayi analembetsa kalata kuchokera ku Ntcheu: "Ukaone pamene wagona mbale wako, undiuze. Watsala wekha." Ndinali nditangotha miyezi isanu ndikugwira ntchito kumgodi ku Gatooma, ndipo chitupa changa sichinkandilola kuyendayenda. Msewu ndinausiyira apolisi, ine n'kulowera kutchire Lachiwiri, nditanyamula bulangete, chitini, ufa, nyemba ndi machesi.

Nkhalangoyo inali yakalekale. Mitengo ina anthu atatu sakanatha kuikumbatira. Dzinja linali litatha, udzu ukufiira, masamba akuyamba kuyoyoka. Wina akanaima n'kusirira, koma ine ndinkangoponda.

Tsiku loyamba lomwelo ndinakumana ndi bambo wina wachishona akufula uchi. Analoza kumene ndinkalowera nati, "Mvura yeuko yakaipa." Ndinayang'ana kumwamba, kunalibe ndi kamtambo komwe. Kukomboni tinkayankhula Chinyanja chathu, pansi pamgodi Chilapalapa, m'mene madzi ndi manzi. Chishona ndinkangotola mawu ofanana ndi athu. Ndinathokoza, mumtima ndikuti munthu wamkulu ndevu pepeya akuopa mvula kuli ngwee chonchi. Safunsa anadya phula, ndipo amene anandichenjeza ine anali ndi phula m'manja. Madzulo ndinapeza dzenje limene anthu akale ankakumbamo golide, lodzaza madzi osayenda, obiriwira m'mbali. Ndinamwa, ndinaphikira, n'kugona pomwepo.

Pofika masana a Lachinayi lija ndinali nditapambuka kasanu ndi kawiri, ndipo ndinaona magazi. Njanji sinali patali, ndinkaimva sitima ikamadutsa. Ndikanatulukira pomwepo n'kupempha thandizo, koma ndinkaganiza za chitupa, ndinkaganizanso za manda. Ndinapitirira. Lachisanu thupi linatentha, milomo inang'ambika, miyendo inkanjenjemera. Ndimakumbukira kuti ndinakhala pansi n'kumayang'ana nyerere zikukwera pa mwendo wanga osazikutumula. Loweruka ndinakwawira kunjanji, ndipo anthu okonza njanji ananditola n'kundiika pa ngolo yawo.

Kuchipatala cha ku Hartley ndinadikira pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, chifukwa dokotala anali mmodzi. Atandipima anayankhula kudzera mwa womasulira: "Ndi kamwazi. Akanachedwa tsiku limodzi, sitikanamuona." Ndinamva ngati akunena za munthu wina.

Masiku a m'chipatala anali ofanana onse. M'mawa ankatiika kagalasi koyezera kutentha m'kamwa, kenako mapiritsi oyera, phala lamadzimadzi, ndi chimbale chodzithandiziramo chimene ndinkachita nacho manyazi kwa masiku awiri okha. Mabedi atadzaza ena ankagona pansi. Munthu wa bedi loyandikana ndi langa anamutulutsa atamufunditsa kumutu, ine n'kungotembenukira kukhoma.

Tsiku lachinayi namwino anandidzutsa, kapu ili m'manja. "Inwai mvura," anatero.

Ndinayang'ana pazenera, kunja kunali dzuwa. Ndinayang'ana m'kapu. Anabwerezanso, akuigwedeza pang'ono kapuyo: "Mvura."

Pamenepo ndinazindikira kuti mvura ndi madzi, ndipo m'maganizo ndinamuona bambo wauchi uja akuloza, ndinaliona ndi dzenje lija. Iye anali atandiuza zonse. Mayi anandituma kukaona manda amodzi, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuwawonjezera achiwiri, popanda wina woti n'kudzawaona. Ndinalandira kapu ija, koma inandipulumuka, madzi n'kutayikira pabulangete. Ndinalira, koyamba chimwalirireni Yohane. Namwino anangopita kukadzaza kapu ina.

Ndinatuluka patatha milungu itatu, lamba nditaboola mabowo awiri atsopano. Kalata ya dokotala ndiyo inandiyankhira kwa apolisi ndi kwa kapitawo. Ndisanabwerere kuntchito ndinafika ku Gadzema, pamsewu ulendo uno, ndipo mayi wina wa ku Mulanje anandilozera mtumbira wokhala ndi kachitsulo kumutu. Ndinazulapo udzu, n'kulembera mayi anga mizere iwiri: "Ndapaona pamene wagona Yohane. Ine ndili moyo."

Lero ndimakhala ku Rimuka, komboni ya ku Kadoma, ndakalamba. M'mimba simunabwererenso mwakale, tsabola ndi mowa ndinasiyana nazo, koma kumunda ndimapitabe ndi miyendo yanga. Kwa amene mukuwerenga ndikuti: mukaona magazi podzithandiza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ine ndinataya masiku awiri, ndipo anatsala pang'ono kukhala omaliza. Madzi osayenda muziyamba mwawiritsa. Munthu akakuchenjezani m'chinenero chimene mukuyesa kuti mukuchimva, mufunseninso.

Adzukulu anga ndikawapempha madzi amandiyankha m'Chishona, n'kubwera nayo mvura yawo m'kapu. Amandiseka chifukwa sindimwa ndisanafunse kumene atunga.