Mpata Wopanda Geti

Mukafika ku Chinsapo n'kufunsa munthu wowotcherera mageti, ngakhale ana akulozerani kwa Nedson. Nyumba yake siisowa: khoma lalitali la njerwa, kutsogolo geti lakuda lonyezimira. Koma mukazungulira kumbuyo mupeza khomalo lili ndi mpata wogumuka, woti anthu awiri n'kudutsa atanyamula katundu. Munthu amene waika mageti m'nyumba zosawerengeka, kwake komwe walephera kuikapo ngakhale kachitseko ka malata! Anthu amaseka, ati woumba mbiya amadyera m'phale. Nedson saseka nawo.

Kwawo ndi ku Linthipe, ku Dedza. Anabwera m'tauni ali mnyamata, n'kuphunzira ntchito ku Biwi, kugwirira anzake zitsulo mpaka maso kufiira ngati wosuta fodya wamkulu uja. Si munthu woipa ayi, ndikuuzeni. Mowa samwa, ku tchalitchi sajomba, geti lake silidya dzimbiri msanga. Atapeza kangachepe anagula puloti ku Chinsapo, ndipo kumbuyo kwa pulotiyo anapezako a Lucious ndi akazi awo a Eness, anthu a ku Ntcheu amene anakhazikika pamenepo malowo akadali minda ya chimanga. A Lucious, mlonda wopuma pantchito, ndiwo ankamusungira matumba a simenti m'chipinda chawo pomwe ankamanga nyumba. Sophie, mkazi wa Nedson, itakwana nthawi yake yoti achire, anamuperekeza kuchipatala ndi a Eness, ndipo mwanayo, Tione, anayamba kumusambitsa ndi iwowo.

Nyumba ya a Lucious inalibe msewu. Kanjira kawo kankadutsa m'mphepete mwa puloti ya Nedson kukatulukira kumsewu, pomwe pali mpopi wogulitsa madzi. Njira ina inali yakumunsi, yozungulira kutali, yodzera pa chigwembe chomwe anthu anayalapo matabwa.

Ndiye Lamulungu lina, banja lonse lili ku tchalitchi, akuba anadzera pa kanjira komweko n'kunyamula makina ake owotcherera, dzuwa likuswa mtengo. Nedson analira ngati mwana, chifukwa makinawo ndiwo anali munda wake. Atagula ena, anayamba kumanga khoma kuzungulira puloti yonse.

A Lucious anabwera chipewa chili m'manja.

"Bambo a Tione, mutisiyireko kampata. Ndi miyendo yathuyi, chigwembe chija sitingachithe."

"Musadandaule, bambo," anatero Nedson. "Ndikamaliza ndidzaikapo kageti. Kiyi wina mudzasunga ndinu."

Tsiku limenelo ankanena zoona. Koma khoma litatha linakongola, tulo tinayamba kukoma, ndipo kageti kaja kanasanduka ka mawa. A Eness ankawakakamiza amuna awo kuti apite nayo patsogolo nkhaniyo, koma a Lucious ankangoti, "Ndi mwana wathu uyu. Wati aika, aika. Tikamuthamangire kubwalo ngati mlendo?" Dzinja linadutsa, lina n'kudutsanso, nkhalamba ziwirizo zikutsetsereka kuchigwembe ndi ndowa zawo.

Kenako a Lucious anadwala, n'kufa ziwalo mbali imodzi. Mwana wawo Rachel, amene amagulitsa kaunjika ku Kawale, anati zakwana, n'kukasuma kukhoti. Sankafuna china chilichonse koma kuti njira itsegulidwe.

Apa ndi pamene Nedson akanayenera kungotenga hamala. Koma chisamani chinamupsetsa mtima: ine, kundikokera kukhoti ngati wakuba? Anapeza loya, ndipo loyayo anamuuza kuti nkhani ya kageti asaitchule. Woweruza atamufunsa ngati analonjezapo kusiya mpata, Nedson anayang'ana pansi n'kunena kuti sakukumbukira. A Lucious anali pomwepo pa benchi, pakamwa patapotoka, osatha kulankhula. Anangomuyang'ana.

Woweruza anagamula mwachifatse. Anati kutseka njira imene anthu akhala akudutsamo kuyambira kale kunali kulakwa ndithu, ndipo pa kulakwa kotere khoti lingachite ziwiri: kulamula kuti khoma ligumulidwe, kapena kulamula chipukuta misozi. Koma lamulo logumula, anatero, amalipereka kwa munthu amene wadandaula msanga. A Lucious ndi akazi awo anaonerera khoma likukwera mpaka kutha, zaka n'kudutsa ali chete, komanso kumunsi njira ina ilipo. Choncho Nedson alipire, khoma likhale.

A Eness anaimirira osapatsidwa mpata. "Bwana, ife sitinali chete ayi. Tinkachita ulemu."

Woweruza anati akumvetsa, koma chigamulo n'chomwecho.

Nedson analipira msangamsanga, poganiza kuti akatero mtima ukhala m'malo. Anthu ena anamugwira chanza, ati wawina. Kuwina kwake kuti? Sophie sanamufunse n'komwe za kukhotiko; anangosiya kuimba akamachapa. Ndipo tsiku lililonse lopita nawo a Lucious kuchipatala, Nedson ankamva kuseri kwa khoma wilibala ikulira, kwii, kwii, Rachel akukankha bambo ake kutsetsereka kuchigwembe, a Eness akuti, "Pang'onopang'ono, mwanawe, muwagwetsa." Akamva zimenezo ankayatsa makina odulira zitsulo, ngakhale palibe chodula, kuti phokoso liphimbe. Manyazi ankamudya. Kangapo konse anagwira tepi n'kuyeza pomwe kageti kangakhale, koma ankadzifunsa kuti akayamba bwanji kuwauza, atakana kale pamaso pa khoti. Ankabweza tepiyo m'thumba.

A Lucious anamwalira mu February, mvula ili pakati. Thupi linachoka kuchipatala n'kulowa kunyumba kudzera kumunsi, ndipo Nedson anazungulira nawo kukagona pamaliro monga achitira amuna onse. Palibe anamuthamangitsa, palibenso anamunyoza. Anamupatsa mpando, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Kutacha, anthu anapeza chigwembe chitadzaza, matabwa aja madzi atakokolola. Lole yopita ku Ntcheu inali itaima kumsewu, kutsogolo kwa geti lakuda lija. Amuna anasonkhana pambali kunong'onezana, aliyense akupewa kuyang'ana khoma, akupewanso kuyang'ana mwini khoma.

Nedson anadzambatuka. "Mayi a Tione!" anakuwa. "Ndiponyereni hamala yaikulu ija! Bweretsaninso makwerero!"

Anayamba kumenya. Koma abale, khoma la Nedson si la matope. Analimanga ndi mkwiyo, simenti osaumira, moti hamala inkangodumpha, njerwa n'kumagumuka imodziimodzi. Thukuta linasakanikirana ndi mvula. Anyamata awiri anamulandira, koma mpata unali usanafike ngakhale m'chifuwa pamene mkulu wa mpingo anamugwira phewa.

"Bambo, siyani. Ku Ntcheu n'kutali, adzukulu akudikira kumanda. Adutsa pamwamba."

Ndipo anadutsadi pamwamba. Amuna ena anakwera pakhoma, ena pansi akukankha, amayi a mvano akuimba. Bokosi litapendekeka, Nedson, amene anagwira kumutu, anamva thupi likusuntha m'katimo n'kugunda thabwa. Anafuna kufuula. Pambuyo pake a Eness nawo anakwera makwerero, chitenje atachigwira ndi dzanja limodzi, amayi anzawo akuwachirikiza, anthu onse atazolika ndi manyazi. Sophie anatsegula geti lakutsogolo akulira mokweza.

Lole itapita, Nedson anatsala yekha ndi hamala yake. Anagumula mpaka pansi, n'kuchotsa zidutswa zonse za njerwa, n'kuthirapo mchenga kuti pasaterere. Geti sanaikepo. Anati pakhale poyera, aliyense aone kuti njira yabwerera.

Koma pa mpatapo sipadutsa munthu. Udzu wamerapo, ndipo Nedson amaulambula yekha, n'kumeranso. Rachel akabwera kudzaona mayi ake amazungulira. A Eness, atabwerako ku Ntcheu, anapitiriza kutsetsereka kuchigwembe ndi ndowa yawo, pomwe anthu anayalanso matabwa ena. Akamuona Nedson amamupatsa moni bwinobwino, kumufunsa za Tione ndi sukulu yake.

Tsiku lina m'mawa mtima unamukanika. Anaima pa mpata paja a Eness akutuluka ndi ndowa, n'kuvula chipewa.

"Amayi, chonde, dzerani pano. Njirayi ndi yanu. Za kageti zija ndinalonjezadi. Ndinanama kukhoti kuja."

A Eness anatula ndowa pansi. Sanakwiye ayi, ndipo akanakwiya bwenzi zili bwino.

"Tikudziwa, bambo a Tione. Iwonso ankadziwa. Mpaka tsiku lomaliza ankalozabe khomali, kusonyeza kuti muika." Anakonza duku lawo. "Koma njirayi si yathunso. Munatilipira. Ndalama zija sanalole kuti tizikhudze, zinangokhala mpaka kumwalira kwawo. Ndi zimene tinagulira bokosi lija munanyamula."

Anasenza ndowa yawo n'kutsetsereka kulowera kuchigwembe.