Kulapa Kobwereka

Titabwerako ku Malawi komwe tinathawira, nkhondo itatha, amene anandiphunzitsa Chipwitikizi ku Insaca anali bambo ena aatali, a mawu okoma. Ndinkawakonda kuposa bambo anga ondibereka, sindibisa. Anali ndi buku lakale lothothoka chikuto, lonena za mkulu wina wachuma amene anawononga anthu moyo wake wonse, n'kudzalira ali pafupi kufa. Tsamba lomaliza anatiuza tiloweze pamtima. Akamaliwerenga ankapukuta misozi, ife n'kumalira nawo ngati anamfedwa.

Chaka chomwecho anapatsa mimba mkulu wanga. Pamaso pa makolo anakanitsitsa kwamtuwagalu, amvekere mtsikana wokulira kumsasa wa othawa nkhondo sadziwika amene wayenda naye. Mkulu wanga anasiya sukulu n'kukayamba kuyanika nsomba kunyanja ya Chiuta. Anabereka mwana wamkazi, mphumi ndi mano za aphunzitsiwo. Mwanayo wakula mpaka kukwatiwa, bambo ake osamulonjera n'kamodzi komwe.

Chaka chatha kunabwera uthenga woti aphunzitsi aja ali kayakaya, akufuna kutiona. Tinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, tilipo atatu. Mwana wa mkulu wangayo anavala chitenje chatsopano, ndipo panjira anatiuza kuti za munda kapena nyumba alibe nazo ntchito. Ankangofuna amutchule kuti mwana wawo, abale awo akumva.

M'chipinda munadzaza achibale, choncho iye anatsala pakhonde kudikira kuitanidwa. Odwalawo anagwira dzanja la mkulu wanga n'kuyamba kulankhula m'Chipwitikizi, mawu akunjenjemera. Akuti anali akhungu, dziko linawanyenga, onse amene anawalakwira awakhululukire. Mkulu wanga Chipwitikizi anachiiwala kalekale. Ine sindinachedwe kuzindikira, milomo yanga inayamba kuwatsogolera. Linali tsamba lija, popumira pomwe paja, popukutira misozi pomwe paja.

Ndinapsa mtima. Munthu kutilanda zonse zija, kulapa kokha n'kukabwerekanso m'buku. Azimayi ankasisima, akuti koma bambowa akupita bwino. Ndinadikira kuti tsamba likatha anene mawu awoawo. Litatha, anatsinzina n'kupempha madzi akumwa.

Titatuluka, mwana uja anaimirira, akukonza chitenje chake.

"Amayi aang'ono, ndilowe tsopano? Anditchula?"

Ndinatembenukira kwa mkulu wanga kuti ayankhe ndiye. Ndinapeza naye akundiyang'ana, maso ali jegejege misozi, kudikira kuti ndimumasulire zimene anena.