Nkhumba Imene Abiti Yunus Sanaphike

Mukatsika minibasi pa Mangochi n'kulowera njira ya kumsika, mupeza mayi wamfupi akuphika pakhonde la lesitilanti yake, miphika yonse pamtetete, utsi ukulowa m'maso mwa odutsa. Khitchini yabwinobwino ilipo kuseri, ya simenti, ya mpopi wake, koma iye salowamonso. Ameneyo ndi Ajira, ngakhale tauni yonse imamutcha Abiti Yunus.

Anabadwira ku Katuli, ndipo anabwera kuboma ali mtsikana, kudzagulitsa zitumbuwa padepoti. Mwamuna wake atamwalira anayamba kuphika mpunga wa pilawu ndi nyama ya mbuzi, mpaka anachita lendi chipinda, kenaka nyumba yonse. Chikwangwani choti chakudya chake n'cha halaali sanachiikepo. Chantchito yanji? Aliyense ankadziwa kuti mbuzi zake amazinga ndi mlamu wake Ibrahimu, ndipo nkhuku yofa yokha sinadutsepo pakhomo pake. Lachisanu anthu akatuluka mu mzikiti ankangokhamukira kwa iye, kudya osafunsa.

Ndiye kunabwera Shakila, mwana wake wamkazi wogwira ntchito ku Blantyre, mutu wodzaza nzeru za m'tauni.

"Amayi, mapepala a menyu awa akuchita kununkha mafuta. Masiku ano pamatebulo amangomata kachithunzi, munthu n'kulozapo foni, zakudya zonse n'kuoneka."

Mwanayo anagwira ntchito, tisamunamizire. Anajambula pilawu, kampango wokazinga, chapati, thobwa, zonse n'kuziika bwinobwino. Kenaka anatumiza kachithunziko kwa wosindikiza wina wa m'tauni kuti apange zomata, iye n'kubwerera ku ntchito. Envelopu anakatenga ndi Ajira mwiniwake. Atatsegula anaona timabokosi ta madontho akuda ndi oyera, ngati nthenga za nkhanga, ndipo anaseka yekha kuti chakudya chake chonse chakwana mmenemo. Kuyesa sakanatha, poti foni yake ndi ya mabatani. Lachisanu m'mawa anamata tebulo lililonse, akusisita ndi nsonga ya mpango wake kuti pasakhale makwinya.

Anthu atatuluka mu mzikiti, woyamba kukhala pansi anali Che Jaffalie, wogulitsa maukonde, kasitomala wake kuyambira nthawi ya zitumbuwa. Anatulutsa foni yaikulu imene anawagulira ana awo, n'kuiloza patebulo monyadira, anzawo atawaunjirira.



Ajira anali kubwera ndi beseni la madzi osamba m'manja pamene anamva, "Astaghafirullah!" Che Jaffalie anakankha mpando n'kuimirira, foni ataigwira patali ndi thupi.

"Abiti Yunus, n'chiyani ichi?"

Anasuzumira. Mayo ine! Pagalasipo panali nthiti za nkhumba, zonyezimira mafuta. Pansi pake soseji za nkhumba. Pansi penipeni mabotolo a mowa atandandalika. Beseni linamupulumuka, madzi n'kukhavukira pa mikanjo yoyera ya anthu.

"Si zanga," anatero Ajira. "Wallahi si zanga."

Wina analoza foni yake patebulo lina. Nkhumba yomweyo. Wina patebulo la pakona, nkhumba. Nyumba yonse inali nkhumba yokhayokha, ndipo anaimata ndi manja ake! Mayi wina amene anali atayamba kale kudya analavulira m'dzanja n'kuthamangira panja. Anthu anatuluka mmodzimmodzi, osatukwana, osakalipa, mbale zili zodzaza. Bola akanamutukwana.

Chimene chinachitika n'chopusa zedi, moti chimandikwiyitsa mpaka lero. Wosindikiza uja tsiku lomwelo anapanganso zomata za malo ena omwera mowa a cha ku Makokola, n'kusokoneza maenvelopu. Timadontho timenetija ndani angatisiyanitse ndi maso? Shakila analira pafoni, wosindikiza anabwera kudzapepesa atagwira chipewa m'manja. Akuti kunyanjako alendo anavutitsa operekera zakudya kufuna pilawu wa mbuzi amene kunalibe, anthu n'kuseka. Kwa Ajira kunalibe choseketsa. Chithunzi cha nkhumba pamwamba pa tebulo lake chinali chitazungulira kale m'mafoni, kufika mpaka ku Katuli, kumene mchemwali wake anamuimbira kufunsa ngati wasiya Chisilamu.

Anakanda zomata zija ndi mpeni mpaka matebulo anachita zipsera. Shehe analengeza mu mzikiti kuti kunali kulakwitsa kwa wosindikiza. Anthu anagwedeza mitu kuvomera, koma Lachisanu lotsatira pilawu anazizira mumphika, n'kumugawira oyendetsa kabaza.

Pamenepo ndi pamene anatulutsa mbaula, miphika, chikuni ndi thabwa lodulira nyama, n'kuziika pakhonde. Anauza Ibrahimu kuti mbuzi azibwera nayo ndi mutu womwe, ndi ziboda zomwe, aipachike poonekera. Fumbi, dzuwa la Mangochi loswa mtengo lija, iye ali pomwepo. Shakila anabweretsa zomata zolondola, n'kuziyesa pamaso pake chimodzichimodzi. Zinamatidwa, ndipo zimagwira ntchito bwino, achinyamata amazikonda.

Anthu anabwerera pang'onopang'ono. Che Jaffalie ndiwo anachedwa kwambiri. Tsiku limene anatulukira, Ajira anamva mtima kupepuka ngati watula mtolo wa nkhuni. Anawapakulira yekha, n'kuwasankhira nthuli yofewa imene amaikonda, poti mano anawathera.

Che Jaffalie anasamba m'manja, nati Bismillah. Anatola nthuli ija, kuitembenuza, kuiyang'ana uku ndi uku. Kenaka anakweza maso, n'kufunsa motsitsa mawu, mwaulemu ndithu, ngati munthu amene sakufuna kuti ena amve:

"Ndi ya mbuzi, eti?"

Mutu wa mbuziyo unali ukulendewera pambali pawo. Ajira anaima chilili, chipande chili m'manja. Munthu ameneyu wadya za m'manja mwake kuyambira ali mtsikana wa padepoti, ndipo funso limeneli anali asanamufunsepo.

"Ndi ya mbuzi, bambo," anayankha, n'kubwerera ku mbaula yake, akupukuta m'maso ngati ndi utsi.