Manja a Pachikuto

Mdzukulu wanga woyamba, wobadwa kwa mwana wanga wamkazi, pakhomo pano timamutchula kuti Mafunso. Dzinali analandira ali kamwana, chifukwa sankalola munthu kumeza tiyi asanamuyankhe. Kuntchito kwake amati abwana, ndipo azibambo a ndevu zawo amaimirira iye akamalowa. Ine ndikamva zimenezo ndimangoseka, poti matewera ake ndinachapa ndine. Lero ali ndi kampani yake yotulutsa magazini, ndipo wofuna kunena kuti ndikudzitama anene, pakamwa ndi pake.

Magazini ake si aja mumagula pamphambano okhala ndi nkhope za oimba. Awa amapita kwa anthu a ntchito imodzi basi. Ina ndi ya okonza masikelo, ina ya okonza mafiriji akuluakulu, ina ya opanga makatoni, ndiye pali ina ya odula magalasi imene sindinaizolowere. Mayi wina wa kutchalitchi anandifunsa ngati munthu wanzeru zake angamawerenge za makatoni mwezi ndi mwezi. Ndinamuuza kuti wopanga makatoni amawerenga mpaka tsamba lomaliza, osati ena amene amangoona zithunzi n'kukulungira nsomba. Tinakhala osapatsana moni kwa kanthawi ndithu.

Zonsezi zinayambira kuseri kwa nyumba ino. Malemu amuna anga anali okonza masikelo, ndipo kachipinda kawo kogwiriramo ntchito kakadalipo. Munkadzaza masikelo a m'mabutchala, a m'magolosale, ngakhale aja oyezera makanda kuchipatala. Anali ndi kabokosi ka miyala yamkuwa yoyesera, mwala uliwonse pabowo pake, ndipo sankaigwira ndi dzanja lopanda kansalu, ati thukuta limanamiza sikelo. Mayi ake a Mafunso atapita kukagwira ntchito kutali, mwanayo anakulira m'kachipinda kameneko, atakhala pa chitini cha penti. Agogo akewo ankamutcha mkazi wawo wamng'ono, ine n'kumamuuza kuti mkazi mnzanga, amuna angawa undibwezere madzulo.

Tsiku lina anafunsa chifukwa chake sikelo ina inkangokhala pakona, fumbi lili mbuu. Agogo ake anamuyankha kuti inkasowa kasipuling'i kamodzi, ndipo amene ankagulitsa timasipuling'i totero anamwalira. Iye anafunsanso ngati panalibe wokonza masikelo wina amene akanakhala nako m'chitini. Iwo anati mwina alipo, koma sadziwana naye. Aliyense ali m'kachipinda kake ndi sikelo yake yakufa, pamene mnzake kutsidya kwa tauni wangokhalira mankhwala ake. Mwanayo anangoti duu. Mafunso akati duu, dziwani kuti kukubwera zinthu.

Atamaliza sukulu analembedwa ntchito ku nyuzipepala, n'kumalemba za ngozi ndi misonkhano. Sanakhalitseko. Anabwera kuno ndi kamera yobwereka, akuti akufuna kuyambitsa magazini ya okonza masikelo. Amalume ake anati wazungulira mutu. Ine ndinawauza kuti mutu wozungulirawo ugona m'nyumba mwanga, osati mwawo.

Pofuna chithunzi cha pachikuto, analoza kamera kwa agogo ake aamuna. Iwo anatembenukira kukhoma.

"Nkhope yangayi sinakonzepo sikelo," anatero. "Jambula amene amagwira ntchito."

Anatambasula manja awo pa sikelo, chala chachikulu chili ndi chikhadabo chakuda chimene anachimenya ndi hamala ali mnyamata. Mwambo unayambira pamenepo. Mpaka lero magazini iliyonse ya kampaniyo imatuluka ndi manja pachikuto, manja amene ali pantchito, osati ongoikidwa pamwendo. Mkulu wina wa fakitale ya makatoni, amene ankalengeza malonda ake m'magazinimo, anafuna kuti nkhope yake ituluke. Mafunso anamuuza kuti atumize manja a munthu wodula makatoniwo. Mkuluyo anakwiya n'kuchotsa malonda ake, koma patapita miyezi anabwerera yekha, mchira uli pansi.

Masiku oyambawo mapepala ankabwera kuchokera kosindikiza ali osapinda. Tinkawayala pa tebulo lodyera ili, n'kumapinda awirife ndi kumsana kwa supuni. Ndine ndinamuphunzitsa: ukumanitse makona kaye, usindikize pakati ndi chala, kenako supuni iyende kuchokera pakati kupita kumapeto. Nyumba yonse inkanunkhira inki, ngakhale makatani. Iye ankapinda uku akundiwerengera mokweza zimene walemba, ine n'kumamudula pamene pavuta, ndipo akalephera kundifotokozera ankakalembanso. Sukulu yanga sinapite patali, koma za masipuling'i ndikhoza kuphunzitsa abusa. Agogo ake ankalowa kudzatenga tiyi n'kumadandaula kuti akazi awo onse awiri awathawira kwa mapepala. Tikamaliza, zala zili bii, iye ankanyamula mtolo pamutu kupita nawo kupositi.

Ndinkapemphera kuti ntchitoyo ikule. Ndinkapemphera ndi mtima wonse, ndipo sindikubweza pempherolo. Koma walira mvula walira matope.

Okonza mafiriji ataona magazini ya anzawo anati nafenso tikufuna yathu. Mafunso anapeza chipinda pamwamba pa sitolo ya zitsulo, nalemba anthu awiri. Ine ndinkapindabe, koma mitolo inkabwera ndi galimoto n'kupitanso ndi galimoto, mwini wake osaoneka. Kenako osindikiza anagula makina opinda okha, mitolo inasiya kubwera. Palibe anandiuza kuti ntchito yanga yatha. Ndinangoona mwezi watha, supuni ili m'dirowa. Agogo ake anatisiya magazini ya mtundu wachitatu isanatuluke. Pamaliro iye analira kuposa tonse, foni ikunjenjemera m'chikwama mwake ngati kamwana ka njala.

Kuchokera apo zinangoti phwamwamwa. Anayamba kukonza zionetsero zimene anthu a ntchito imodzi amakumanako chaka ndi chaka kudzaonetsana zipangizo. Nkhani zinayamba kufika pa mafoni a anthu m'mawa uliwonse. Ine ankanditumizira zinthu: bulangete lofewa, mankhwala a mawondo, mpando wotsamira. Mpandowo ndi wabwino, koma sufunsa mafunso.

Ku ofesi yatsopano ndinapitako kamodzi. Ndinakwera chikepe, zitseko zagalasi zikutseguka zokha. M'khonde lonse apachikamo zikuto za magazini m'mafelemu, manja okhaokha, ena amafuta, ena odulidwa ndi galasi, ena a amayi. Koyambirira kwenikweni kunali chikhadabo chakuda chija. Ndinaima pamenepo mpaka mayi wolandira alendo anadzandifunsa ngati ndasochera. Ndinati ayi mwanangu, ndikucheza ndi amuna anga. Ndinakoka mpweya kufuna kumva inki, koma munkangomveka mankhwala okolopera. Mafunso anatuluka mumsonkhano, anandikumbatira zolimba, koma diso limodzi lili kuchitseko chimene anatulukira. Ndinamuuza kuti bwerera, anthu akudikira. Ndinanena ndekha mawuwo, ndipo anandiwawa njira yonse.

Achibale akasonkhana amayamba zoti mwanayu watayika, waiwala kumene anachokera. Ine sindiwalola. Ndimawafunsa kuti ndani mwa iwo anadziwanitsapo anthu awiri osadziwana. Mdzukulu wanga akalakwa womuuza ndine, pamaso pake, chitseko chili chotseka. Koma akapita onse ndimapukuta tebulo limene silinade.

Chaka chathachi anaimba foni ndi mawu achimwemwe. Anati kampani ikukumbukira tsiku limene inayamba, atulutsa magazini yapadera, ndipo pachikuto padzakhala manja anga, manja amene anapinda magazini yoyamba. Ndinasesa mpaka kuseri kwa kabati. Ndinachapa makatani, ndinagula mabisiketi aja ankaba m'chitini ali mwana. Tsikulo litakwana galimoto inaima pageti, ndipo munatuluka bambo wina wa ndevu zotuwa, atanyamula zikwama ndi maambulera oyera aja a ojambula zithunzi. Ndinayang'ana kumbuyo kwake. Munalibenso wina.

Bamboyo anali waulemu, sindinganame. Ndinamulowetsa, ndinamuikira tiyi, ndipo nditakhala pansi ndinalowetsa manja onse awiri m'kati mwa juzi. Anaimika magetsi ake, nandipempha kuti ndiike manja patebulo. Ndinamuuza kuti pepani bambo, manjawo lero kulibe, atuluka. Anaseka poyesa nthabwala. Ataona kuti sindikuseka, anaimbira Mafunso foni n'kuiika pafupi ndi khutu langa, poti ine manja olandirira ndinalibe.

"Agogo, bambowo ndi katswiri. Amajambula bwino kuposa ine."

"Manja a agogo ako aamuna anajambula ndani?"

Ndinasendeza pakamwa pafupi ndi foniyo n'kupitiriza.

"Ndikufunsa iwe, mkazi mnzanga. Amuna anga unawajambula wekha. Ine ndiye wondituma anthu?"

"Mwezi uno zandipanikiza, agogo. Tili ndi chionetsero."

"Manjawa sathawa. Koma sindikulonjeza kuti adikira mpaka kalekale."

Bamboyo anamwa tiyi wake, anadya mabisiketi a mwini wake, napinda maambulera. Potuluka anandiuza motsitsa mawu kuti nayenso ali ndi mayi amene sanawaone chaka chino.

Sabata imeneyo sanabwere, yotsatirayo osabweranso, ndipo foni inangoti chete. Mtima unayamba kundiluma. Manja ndi manja, ndinkadziuza. Akhoza kujambula a gogo wina aliyense, owerenga angadziwe bwanji? Mwina ndinakoka chingwe mpaka kuduka. Kangapo ndinatenga foni kuti ndinene kuti bamboyo abwerenso, koma ndinkaibwezera pansi. Chikuto sindinkachifuna ine. Ndinkafuna mwana atakhala pampando wake uja, moyang'anana nane.

Loweruka lina m'mawa ndikuthirira maluwa, ndinamva geti. Anali yekha, atavala malaya akale, kamera pakhosi, pamutu atasenza mtolo wokutidwa ndi pepala lakhaki. Anati wachita kukapempha kosindikiza kuti amupatulire mapepala makina asanawapinde, chifukwa lamulo la agogo ake silisintha: manja ajambulidwe ali pantchito. Atamasula mtolowo patebulo, fungo la inki linadzaza nyumba.

Ndinatulutsa supuni ija. Pepala loyamba linapindika mokhota, makona osakumana. Zala zangazi zinapindika masiku ano, sizimvera msanga. Iye anatsitsa kamera n'kuziyang'ana nthawi yaitali, ngati akuwerenga tsamba limene analidumpha. Ine sindinafune chisoni cha munthu. Lachiwiri linakhala bwino. Lachitatu likanakhalanso bwino, koma ndinaona kuti akajambula chabwino anyamuka, ndiye ndinalikhotetsa dala. Lachinayi chimodzimodzi.

Anandiyang'ana m'maso, kenako anayang'ana pawindo. Anati kuwalaku sikuli bwino, tidikire dzuwa lifike pawindo linalo. Dzuwa limafika pawindo limenelo masana ndithu, ndipo iye anakulira m'nyumba ino, amadziwa. Ndinavomera kuti eya, kuwalaku n'koipa kwambiri.

Anakoka mpando wake, natenga supuni ina. Manja ake ndi osalala tsopano, ndipo anali ataiwala. Anayambira kumapeto m'malo mwa pakati, pepala n'kuchita makwinya. Ndinamumenya kadzanja, ndinati abwana athunthu osadziwa kupinda, antchito ako akamva adzakuchotsa. Anaseka mpaka misozi. Kenako anayamba kundiwerengera nkhani ya mayi wina wokonza zikepe, ine n'kumamudula pamene sindinamve, ndipo pena anatenga cholembera n'kuchonga m'mbali. Foni anali ataisiya m'galimoto. Anandifunsa ngati mawondo akupwetekabe, ngati denga la kachipinda kaja likudontha, ngati ndimalota agogo ake, funso pamwamba pa funso, tiyi wanga mpaka kuzizira.

Dzuwa litafika pawindo lija anajambula, ndipo sizinatenge nthawi. Tinali titapinda mtolo wonse. Anasamba m'manja koma inki sinachoke, ndipo ananyamuka nayo choncho, akuti Lolemba kuli msonkhano. Ndinaima pageti mpaka galimoto inakhota.

Pochotsa makapu ndinapeza kachivindikiro ka kamera yake, kakuda, kali pansi pa mbale ya shuga. Chinthu sichilowa chokha pansi pa mbale. Ndinamuimbira kuti waiwala kanthu, ndipereke kwa ndani akubweretsere.

"Musatumize munthu, agogo. Sungani. Ndidzatenga ndekha."

Magazini ija inafika. Pachikuto pali manja awiri okalamba ndi supuni, ndipo m'mphepete mukuoneka nsonga ya supuni ina imene palibe waigwira. Ndinapita nayo kutchalitchi kukaonetsa mayi uja wa makatoni. Anati manjawo ndi okongola, ndinamukhululukira.

Kachivindikiroko ndinakaika m'kabokosi ka miyala yamkuwa, pamwamba pa kansalu ka agogo ake. Mvula yabwera n'kupita, iye sanafikebe. Amaimba Lamlungu, ndipo nthawi zonse amafunsa ngati katundu wake ali bwino. Ndimamuuza kuti ali bwino, koma kamera yosavindikira imalowa fumbi, asachedwe. Ndikudziwa kuti ku ofesi kuja tivindikiro totere tadzaza dirowa. Iyenso akudziwa kuti ndikudziwa. Mabisiketi ndagula ena, ndipo galimoto ikachepetsa liwiro pamsewu, ndimasiya chimene ndagwira.