Tsiku Limene Anandilimira Ndiwo

Mng'ono wanga anabwera kuchokera ku Limbe pa minibasi. Atatsika pa Namadzi anamukweza pa njinga, atamumangirira ndi chitenje kumsana kwa wopalasa kuti asagwe. Chinali chaka chachinayi kapena chachisanu chiyambire matipate. Matenda ake sitinkawatchula dzina ngakhale aliyense ankawadziwa, tinkangoti akudwaladwala. Mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kwathu kuno, ndiye ntchito yanga inali imodzi yokha, yoonetsetsa kuti wadya.

Koma kudyako kunali nkhondo. M'kamwa munali zilonda zokhazokha. Usipa unkamubaya, nyemba zinkamutsegula m'mimba, nandolo akangomva fungo lake ankatembenukira kukhoma. Anamwino a ku Mbulumbuzi anandilangiza kuti ndizimupatsa masamba obiriwira kuti magazi abwerere. Ndinawathokoza, koma pobwerera ndinkaseka ndekha m'njira. Masamba obiriwira mu Okutobala, munthu wopanda dimba ngati ine?

Chinandipulumutsa ndi ulesi wanga. Kuseri kwa khitchini, pomwe kale panali khola la mbuzi, ndi pamene ndinkakhuthula madzi otsukira mbale ndi matsukwa, poopa kuyenda mpaka kudzala. Pamenepo panamera zinthu zosadzala munthu: bonongwe, chisoso, luni, ndi denje m'mphepete. Tsiku lina ndinathyola denje, n'kuphika ndi chidulo, tomato mmodzi, popanda tsabola. Linangotsetsereka pakhosi osakanda zilonda, ndipo anadya mbamu zitatu. Ndinatuluka panja kukalira kuti asandione.

Kenaka ndinayamba kuyesa zonse. Fungo la chisoso linkamudzutsira njala, ndipo madzi ake owiritsa ankachukuchira m'kamwa. Bonongwe ndinkamuphika mpaka afeweretu, n'kumutendera nsinjiro. Luni anamukana, akuti moyo wake ndi wowawa kale. Sindikunena kuti masambawo ankachiza, ndipo wonena zimenezo ndi wabodza. Koma munthu akadya amagona tulo, mawa lake n'kudzuka ndi mphamvu zolongolola. Atayambiranso kundinena kuti dzanja langa ndi lolemera pa mchere, ndinadziwa kuti m'bale wanga akadalipo.

Ndinayamba kusenza ndowa yowonjezera kuchokera ku mjigo, yothirira thengo langalo. Mudzi wonse unandiona ngati mutu sukuyenda bwino. Kwathu kuno pakhomo pa mkazi weniweni pamakhala mbee, polambulidwa ndi kusesedwa mpaka nyerere kusowa pobisala. Ankati ndikuweta njoka ndi udzudzu. Odutsa ankadandaula kuti chisoso chikuwakakamira m'zitenje. Ndinkawayankha kuti njira ndi zambiri, adutse kwina.

Lachinayi lina ndinapita ku chigayo. Ili ndi tsiku limene amayi a ku tchalitchi kwathu amayendera odwala: amabwera ndi nkhuni, amatunga madzi, amasesa, ndipo akapeza udzu amalambula. Ndikubwera ndi ufa pamutu ndinamva nyimbo ya Mulungu ikuchokera pakhomo panga, makasu akuvomera. Ndinayenda mofulumira. Nditafika, kuseri kwa khitchini kunali dothi lofiira lokhalokha, losesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka. Zonse anali atazikokolera kudzala.

"Takupepuzani, mayi," anatero atcheya awo, mayi wachikulire amene sindinayambe ndawayankhapo mokweza chibadwire. "Mutu umodzi susenza denga. Wodwala sagona pakati pa thengo."

"Amayi, mwandilimira ndiwo."

"Ndiwo? Zinyalala zija? Takubweretserani kabichi, ali apoyo."

"Kabichi sameza. Mukanalowa m'nyumbamo kumufunsa, akanakuuzani."

Zimenezi zinali zoona. Anthuwa anabwera ndi mtima wabwino, sindingawanamizire, nkhuni zawo ndinaphikira sabata yathunthu. Koma onse khumi ndi awiri anagwira ntchito panja, maso ali pachitseko cha wodwala, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anachikankha. Mng'ono wanganso anali asanatulukepo masana chibwerere, poopa maso omwewo.

Ndinatula ufa, ndinatenga lichero, n'kulowa m'dzalamo iwo akuona. Ndinagwada pa phulusa ndi zitsotso n'kuyamba kusankha, denje payekha, bonongwe payekha, atafota kale ndi dzuwa. Mizu imene inali ndi moyo ndinaiika pambali kuti ndikaokere.

"Mayi inu, manyazi sakukugwirani?" anafunsa wina wamng'ono kwa ine.

"Manyazi akanakhala ndiwo, bwenzi nditamuphikira kalekale," ndinatero osadzutsa mutu. "Chaona mnzako chapita, achemwali. Mudzalifuna dzala lomweli."

Ndinatsuka masambawo katatu, n'kusonkha moto. Amayiwo sanachoke, chifukwa mwambo wawo sulola kubalalika asanatseke ndi pemphero, ndipo atcheya ankasowa poyambira. Anangokhala pansi pa mtengo wa mango, makasu ali pamiyendo, kundiyang'ana ndikutakasa denje wa m'dzala.

Nditapakula kuti ndilowe nazo m'nyumba monga mwa masiku onse, ndinamva mawu kuchokera mkati.

"Achemwali, mphasa iyaleni pakhonde."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Koma chitseko chinatseguka, ndipo anatuluka akugwira khoma, chitenje atazunguliza kawiri m'chiuno, mafupa a m'khosi ali poyera. Ndinathamanga kuti ndimugwire, iye anandikankha dzanja. Anakhala pamphasa moyang'anana ndi amayi aja. Atcheya anakonza kukhosi n'kunena kuti tiyeni tipemphere.

"Ayi, amayi, musatsinzine," anatero mng'ono wanga. "Mwabwera kudzandiona. Ndioneni ndikudya."

Anadya pang'onopang'ono, denje akuyenderera m'zala zake zowondazo, ndipo palibe amene anatsinzina kapena kuyambitsa nyimbo mpaka iye atapempha madzi osamba m'manja.